Mukuti Adzipatule, M'chipinda Chake Chiti?

Pali malangizo ena omwe amamveka anzeru mpaka utafika nawo pakhomo. Ena mwa iwo ndi awa: munthu amene wapatsidwa tsiku la opaleshoni abindikire kwa masabata awiri, azigona yekha, azidyera mbale yake, ana asamuyandikire, kuopa kuti angatenge chimfine kapena matenda ena. Chibwerereni Covid-19, malangizowa satha m'magulu a WhatsApp apachibale, ndipo owatumiza nthawi zambiri ndife, ana a ku yunivesite, amene kumudzi amatiyesa madokotala ngakhale tikuphunzira zowerengera ndalama. Ine ndikuti tisiye. Kwathu ku Mwanza malangizowa sangatheke, ndipo akutiiwalitsa chinthu chimene chingapulumutsedi wodwala.

Tiyambe ndi komwe anachokera. Mu 2020 zipatala za boma ku England zinkauza odikira opaleshoni kuti abindikire masiku 14, pamodzi ndi onse a m'nyumba mwawo. Kumeneko chakudya amaitanitsa pafoni n'kudzachisiya pakhomo, madzi ali m'nyumba momwemo, ndipo nthawi imeneyo boma linkalipira gawo lalikulu la malipiro a anthu omwe ntchito zawo zinaima. Komabe eni akewo anaona kuti n'zolemetsa: pofika July chaka chomwecho bungwe lawo la NICE linafewetsa lamulolo. Iwo anafewetsa, ife tikadagawanabe uthenga wakalewo.

Tsopano utengeni uthengawo mupite nawo ku Thambani kapena ku Kunenekude. Tiyerekeze mayi wa chithokomiro amene wauzidwa kuti akafike ku Queens tsiku lakuti. Nyumba yake ndi ya zipinda ziwiri ndi pabalaza pomwe usiku amayalapo mphasa. Chimbudzi n'chimodzi, bafa n'limodzi, ndiwo mbale imodzi. Wophika ndi iye, wopita kumjigo ndi iye, mwana akatentha thupi pakati pa usiku amalira dzina la iye. Ngati banjalo limadalira kugulitsa manachesi m'mbali mwa msewu wa M6, tsiku lililonse wina wa m'nyumbamo akusinthana ndalama ndi apaulendo ochokera ku Tete, ku Harare ndi ku Joni. Abindikire bwanji? Nanga apongozi akabwera kudzazonda, ndani awabweze pachipata? Kwathu kuno kumva kuti mnzako akupita kufiyeta osakamuona ndi mlandu woti adzakukumbutsa pamaliro.

Ndipo ife a ku Mwanza sitifunika kuphunzitsidwa za m'bindikiro. Mu May 2020 mabasi a abale athu ochokera ku South Africa anadutsa pachipata chathu chomwechi, ndipo mazanamazana mwa iwo atasungidwa pa Kamuzu Stadium ku Blantyre anathawa, akudandaula za chakudya ndi zimbudzi. Mwezi wa April, bwalo lalikulu la milandu linali litaimitsa kale m'bindikiro wa masiku 21 womwe boma linalengeza. Boma, ndi apolisi ake ndi ndalama zake, linalephera. Ndiye ntchito yomweyo tikuisenzetsa mayi mmodzi wodwala.

Tinene kuti wakwanitsa. Tsiku la 14 akwera minibasi pa Mwanza boma, ulendo wa makilomita pafupifupi 100 kudzera pa Zalewa, anayi pampando umodzi, mawindo otseka chifukwa wina akuti akuzizidwa. Akafika, gadiyani wake azikagona ndi kuphika pamodzi ndi magadiyani a odwala ena onse. M'bindikiro uja wathera padepoti.

Musandimve molakwa, ngoziyo ilipodi. Munthu akamagonetsedwa ndi mankhwala, nthawi zambiri amamulowetsa paipi kukhosi yomuthandiza kupuma. Ngati ali ndi chifuwa, njira za mpweya zimakhala zotupa kale ndipo zimatha kufinyika mwadzidzidzi. Akatsitsimuka, makamaka ngati amung'amba pamimba, ululu umamuletsa kupuma mokoka ndi kutsokomola, makhololo n'kukhazikika m'mapapo, chibayo n'kuyamba. Kafukufuku yemwe anatuluka mu The Lancet mu 2020 anapeza kuti mwa odwala omwe anali ndi Covid-19 panthawi ya opaleshoni, pafupifupi mmodzi mwa anayi aliwonse anamwalira pasanathe masiku 30. Panthawiyo katemera kunalibe, koma chiwerengerocho si chosewera nacho.

Koma tamvani izi, zomwe sizifika pa WhatsApp. Gulu lomwelo la ofufuza, la COVIDSurg, linatsatira odwala oposa 96,000 m'maiko 114, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2021 m'magazini ya zachipatala ya Anaesthesia. Omwe anabindikira asanachitidwe opaleshoni sanapezeke otetezeka kuposa anzawo. Mavuto a m'mapapo anapezeka ochulukirapo pang'ono mwa iwo. Ofufuzawo anaganiza kuti mwina munthu wotsekeredwa sayenda, sadya bwino, ndipo nkhawa imamukulira. Kafukufuku wotere satsimikiza chomwe chayambitsa chinzake, ndikudziwa. Koma ngati phindu silinaoneke ngakhale kumene kuli zipinda zapadera, tikuzunziranji amayi athu?

Chimene chimandiopsa ine si mwana wachimfine pamphasa. Ndi bodza lomwe wodwala amanena m'mawa wa opaleshoni. Dokotala wogonetsa amafunsa: “Mukutsokomola? Thupi linatentha masiku apitawa?” Bambo wa phudzi amene wadikira miyezi, wagulitsa mbuzi kuti apeze thiransipoti yake ndi ya gadiyani, akudziwa bwino kuti akati inde amubweza, ndipo sakudziwa kuti tsiku lina lidzapezeka liti. Ayankha kuti chiyani? Amameza chifuwacho n'kunena kuti ali bwino. Si umbuli ayi, wawerengera. Ndiye ife tikamuwonjezera uthenga woti wotenga chimfine ndi amene sanadzisamale, tamupatsa chifukwa chachiwiri chobisira: manyazi.

Apa ndiye pofunika kukuwa, ndipo kukuwako kulunjike kwa okonza ndondomeko za zaumoyo, osati kwa wodwala. Aliyense wopatsidwa tsiku la opaleshoni alembedwe m'buku lake la kuchipatala nambala ya foni yoti aimbe akadwala, foni yoti wina amayankhadi. Amene wanena yekha kuti ali ndi chifuwa apatsidwe tsiku lina pomwepo, asabwerere kumchira kwa mzere. Wochokera kutali aonedwe kaye pa chipatala cha Mwanza kapena pa chipatala chaching'ono chakwawo kutatsala masiku awiri, asanawononge ndalama yokwerera. Zonsezi sizifuna nyumba yatsopano kapena makina ochokera kunja. Dziko lomwe linatha kumanga zipinda za chiyembekezo kuti amayi apakati azidikirira pafupi ndi chipatala silingalephere kusunga foni imodzi ndi kaundula.

Nanga pakhomo palibe chochita? Chilipo, bola tiyambire pa nyumba yomwe ilipo, osati ya pa intaneti. Makolo athu kupatula munthu amakudziwa. Mayi akabereka amakhala m'chikuta, ndipo chikuta chimatheka chifukwa ena amamuphikira ndi kumutungira madzi. Sachita kudzitsekera yekha. Choncho wosuntha asakhale wodwala. Mwana amene wayamba chimfine ndiye akagone kwa agogo kapena kugowelo kwa masiku ochepa. Odzazonda alandiridwe pakhonde kapena pansi pa mtengo, pomwe mphepo ikuwomba, palibe amene angakwiye nazo. Mawindo azitsegulidwa. Posamba m'manja, madzi azithiridwa ndi jagi, pakhale sopo, osati onse kuviika m'beseni limodzi. Kolera wa 2022 ndi 2023 anatiphunzitsa zimenezo mowawa. Kukagwa zovuta, wodwalayo akapepese masana, koma zogona pasiwa amukhululukire. Wosuta aleke fodya, aziyenda, azidya mokwanira. Ndipo ngati m'nyumbamo muli wina amene watsokomola kupitirira masabata awiri, ameneyo akayezetse chifuwa chachikulu, n'kwaulere m'zipatala za boma.

Inu amene mumaperekeza makolo kuchipatala chifukwa choti mumamva Chingerezi, tsiku lomwe akupatsidwa deti musangojambula buku lija n'kuponya pagulu. Funsani adokotala pomwepo, makolo anu akumva: akayamba kutsokomola sabata imeneyo, tiimbire ndani, ndipo malo awo pamzere asungidwa?