"Ndinangotsatira Anzanga" Si Yankho

Acinyamata anzanga a mu Garden, pali mau amene ndatopa nao: "Ine ndinangotsatira anzanga." Kodi anzanuwo anali kutsatira ndani?

Kumbukirani April 2016. Anthu angapo anapezeka ataphedwa ku George ndi makomboni oyandikana nawo, ziwalo zao zina zitacotsedwa. Mphekesera inabuka yakuti a ku Rwanda okhala ndi masitolo ndiwo anali kucita zimenezi kuti malonda ayende. Pa 18 April cipolowe cinayamba ku Zingalume ndi ku George, ndipo cinafalikira m'makomboni ena. Masitolo oposa 60 anathyoledwa, anthu oposa 250 anamangidwa. Ku Kanyama anthu awiri anatenthedwa amoyo. Apolisi ananena kuti awiriwo anali a muno m'Zambia. Gulu limene linati likusaka alendo linapha ana a kwao omwe! Ndipo ndifunse: thumba la unga limene munthu anathawa nalo pamutu linali kubwezera imfa ya ndani?

Mu 2020 zinabweranso ndi nkhani ya ofaira gasi m'nyumba za anthu, imene inayambira ku Chingola. Uthenga unali kuuluka pa WhatsApp usiku, ndipo munthu wosadziwika m'komboni anali kuphedwa asanatsegule pakamwa.

Musanene kuti ocita zotere ndi zigawenga cabe. Ambiri ndi anthu wamba monga inu ndi ine, ena oimba m'kwaya. Mu 1951 Solomon Asch wa ku America anaika wophunzira mmodzi pakati pa anthu amene anapangana kunama. Funso linali lapafupi: ndi mzere uti wofanana kutalika ndi uwu? Onse atachula mzere wolakwika, anthu atatu mwa anai alionse anavomereza bodzalo kamodzi kapena kuposa, maso ao akuona zoona. Panalibe wowaopseza ndi mwala. Anangoopa kukhala okha.

Nanga inu amene mumati, "Ine sindinaponye mwala, ndinangoimirira"? Mu 1968 John Darley ndi Bibb Latané anapeza kuti munthu akamva mnzace akudwala mwadzidzidzi, ndipo aganiza kuti ali yekha, 85 mwa 100 amathamanga kukathandiza. Akaganiza kuti pali ena anai akumva, othandiza amatsika kufika pa 31. Aliyense amati wina acitapo kanthu. Koma woponya mwala amawerenga mitu. Akaona anthu 200 ali duu, amati onsewo ali kumbali yace. Kuimirira kwanu kumamlimbitsa dzanja. Cimodzimodzi mukatumiza uthenga ku gulu lina, n'kulemba pansi kuti "sindidziwa ngati ndi zoona." Ngati simudziwa, mwautumiziranji?

Ena adzati, "Ndine mmodzi cabe, angandimvere ndani?" Asch anayesanso zimenezo. Ataika m'gulu munthu mmodzi yekha wonena zoona, kutsatira bodza kunatsika kwambiri. Wacinyamata amene ali pafupi nanu m'khamu, mwala uli m'manja koma mtima ukukayika, akudikira kumva liu limodzi lakuti, "Imani, timutengere kupolisi." Mwina simungaimitse anthu 200, ndipo sindikuti mudziponye pamoto. Koma mungathe kugwira dzanja la mnzanu wa m'kwaya ndi kucoka naye, mungathe kuimbira apolisi foni, mungathe kufunsa pa gulu la WhatsApp kuti, "Waona ndani ndi maso ace?"

Mu 2016 mazana a alendo othawa cipolowe anagona pa chalichi ca St Ignatius ku Rhodes Park, cifukwa panapezeka anthu amene anatsegula geti.