Kodi Uhura anali wolandira foni chabe?

Anthu okonda Star Trek satopa ndi mikangano. Mukawasiya awiri pa benchi limodzi, mphindi zisanu sizitha asanayambe kukokana kuti kaputeni weniweni ndani pakati pa Kirk ndi Picard, kapena ngati chombo cha a Klingon chingathe kugonjetsa Enterprise. Yambiri mwa mikanganoyi ndi yongocheza, ngati ija ya Maule ndi Manoma, yoti aliyense amabwerera kwawo ndi maganizo omwe anabwera nawo. Koma ulipo umodzi umene ine sindiutenga mwamasewera, ndipo ndi umene ndabwera nawo sabata ino. Ukukhudza mayi yekhayo wachikuda amene ankakhala m'chipinda choyendetsera chombocho, Lieutenant Uhura. Ena amamutenga ngati chizindikiro cha ufulu, pamene ena amati anali wolandira foni chabe wovala yunifolomu yofiira.

Kwa inu amene simunalionerepo, Star Trek ndi sewero la pa wailesi yakanema la ku America, la nkhani zopeka za sayansi, lomwe anayambitsa ndi Gene Roddenberry. Linayamba kuonetsedwa pa NBC pa 8 September 1966 ndipo linatha mu June 1969 litakwanitsa magawo 79. Nkhani yake ndi ya chombo chotchedwa Enterprise chomwe chikuyendayenda pakati pa nyenyezi zaka pafupifupi 300 kutsogolo kwa nthawiyo, n'kumakumana ndi zolengedwa za maiko ena. Kuno kwathu wailesi yakanema yathuyathu inabwera mu 1999, choncho ambirife tinalipeza mochedwa, pa matepi a vidiyo, pa ma DVD kapena pa intaneti. Amene anasewera ngati Uhura ndi Nichelle Nichols, yemwe anali woimba komanso wovina asanalowe m'seweroli. Anamwalira mu July 2022.

Tiyambe ndi odandaula, chifukwa umboni ali nawo wambiri. M'magawo ochuluka, ntchito ya Uhura ndi kukhala kumbuyo kwa kaputeni, kachipangizo kali kukhutu, n'kumuuza kuti njira yolankhulirana ndi chombo china yatseguka. Akatero amakhala duu mpaka gawolo litatha. Amene amatsikira ku maiko achilendo kawirikawiri, amene amakangana pa zoyenera kuchita, amene amapulumutsa anthu, ndi amuna atatu: Kirk, Spock ndi dokotala McCoy. M'magawo onse 79 palibe limodzi lomwe Uhura anapatsidwa chombo kuti achilamulire, ngakhale pamene akuluakulu onse anali atatsika. Dzina lake loyamba silinatchulidwe n'komwe. Dzina loti Nyota, lomwe m'Chiswahili ndi nyenyezi, linadzamveka pa kanema mu filimu ya 2009, patadutsa zaka 43.

Gawo limene limandikwiyitsa kwambiri ndi "The Changeling" la 1967. Makina ena oganiza okha, otchedwa Nomad, amumva Uhura akuimba, sakumvetsa kuti nyimbo n'chiyani, ndipo amufufuta zonse za m'mutu. Timamuona ali m'chipatala cha m'chombomo, namwino akumuphunzitsa kuwerenga ngati mwana wa sitandade 1. Pomaliza dokotala akungonena kuti pakatha sabata abwerera ku ntchito, nkhani n'kuthera pomwepo. Palibe amene akufunsa ngati mayiyu akukumbukira amayi ake, kwawo, kapena nyimbo imene ankaimba ija. Zikanamuchitikira Spock, bwenzi gawo lonse lili la maliro. Okonda seweroli ena amateteza alembi ponena kuti kukumbukira kwake sikunafufutike konse, popeza Chingerezi chikamuvuta akumveka akulankhula Chiswahili. Kuona kumeneko n'kwanzeru, koma ndi oonera amene anasoka chigambacho. Alembi anasiya chibowo chili pululu.

Nichols mwini wake sanali wokondwa. Ankafotokoza kuti mawu amene amulembera ankadulidwa tsiku ndi tsiku mpaka kutsala ochepa, ndiponso kuti anadzamva kuti makalata a anthu omukonda sankamufikira. Chaka choyamba chitatha anauza Roddenberry kuti akusiya, akufuna kukachita zisudzo za pa siteji ku Broadway. Roddenberry anamupempha kuti ayambe waganiza kumapeto kwa sabatayo. Ndi m'masiku omwewo pamene anapita ku mwambo wa bungwe la NAACP n'kuuzidwa kuti pali munthu wokonda seweroli amene akufuna kumupatsa moni. Munthuyo anali Martin Luther King Jr.

Nkhaniyi Nichols anaifotokoza kambirimbiri, ndipo mutu wake sunkasintha. King atamva kuti akusiya, anamuletsa. Anamuuza kuti Star Trek ndi sewero limene iye ndi mkazi wake Coretta ankalola ana awo kuchezera usiku akuonera. Koma mfundo yake yaikulu inali ina: udindo wa Uhura sunalembedwe ngati udindo wa munthu wakuda kapena wa mkazi, choncho akachokapo, pampandopo akhoza kuikapo mzungu, mwamuna, ngakhale cholengedwa cha dziko lina, ndipo khomo limene latseguka lidzatsekeka popanda wodandaula. Nichols anabwerera ku ntchito.

Kuti mumvetse chimene King ankaona, kumbukirani America wa nthawiyo. Lamulo lothetsa tsankho m'malo a anthu onse linali litangokhazikitsidwa mu 1964, la ufulu wovota mu 1965. Mayi wachikuda akaoneka pa kanema, nthawi zambiri ankakhala wantchito wa m'nyumba, wophika kapena wolera ana a azungu. Whoopi Goldberg amafotokoza kuti ali mwana ataona Uhura anathamanga m'nyumba monse kuitana abale ake kuti adzaone mayi wakuda pa kanema amene sanali wantchito wa m'nyumba. Goldberg yemweyo atatchuka anachita kupempha yekha malo mu Star Trek: The Next Generation, ndipo kuyambira 1988 anasewera ngati Guinan.

Palinso dzinalo, lomwe kwa ife silifuna womasulira. Nichols ankati tsiku limene anakayesedwa ntchito anali atanyamula buku la Robert Ruark lotchedwa Uhuru, lonena za Kenya, ndipo Roddenberry analikonda liwulo n'kusintha chilembo chomaliza. Uhuru wa Chiswahili ndi ufulu wathu womwewu. Kenya inalandira ufulu wodzilamulira mu December 1963, ife mu July 1964, ndipo tinakhala Republic pa 6 July 1966, miyezi iwiri yokha seweroli lisanayambe. Pamene mbendera zatsopano zinkakwera mu Africa muno, ku America munthu wotchedwa ndi liwu lomwelo anali atakhala pakati pa akuluakulu a chombo. Ndipo m'gawo loyamba lenileni kuonetsedwa, "The Man Trap", chilombo chosintha maonekedwe chimadzisandutsa mwamuna wachikuda n'kumulankhula Uhura m'Chiswahili. Chilankhulo cha Chibantu chinamveka usiku woyamba womwewo.

Ndiye ine ndili mbali iti? Ndimaona kuti odandaula akunena zoona pa zimene zinalembedwa, koma amalakwitsa poyesa kuti phindu la munthu pa kanema limawerengedwa ndi kuchuluka kwa mawu ake basi. Tonse tikuidziwa komiti ija yokhala ndi amuna asanu ndi anayi ndi mayi mmodzi, amene ntchito yake ndi kutsegula ndi pemphero ndi kulemba maminitsi. Nthawi zambiri mayi wotereyu amangokhala duwa la patebulo, ndipo amuna aja amamugwiritsa ntchito ngati umboni woti alibe tsankho. Uhura akanatha kuthera pomwepo. Chimene chinasiyanitsa ndi momwe Nichols ankakhalira pampandopo. Muonereni bwino ngakhale pamene sakulankhula: msana uli chilili, manja ali pa makina, nkhope ya munthu wodziwa ntchito yake. Ndipo paliponse pamene alembi anamupatsa kampata, ankakadzaza. Mu "Balance of Terror", nkhondo ndi a Romulan ili mkati, Kirk amamuuza kuti akhale pa mpando wolondolera njira ya chombo, ndipo amangokhalapo popanda wina kudabwa. Mu "Who Mourns for Adonais?" timamupeza atalowa pansi pa makina ake akulumikiza mawaya, Spock yemwe sayamika wamba n'kuvomereza kuti palibe wina woposa iye pa ntchitoyo. Mu "Mirror, Mirror" amamunyengerera Sulu woipa uja kuti asayang'ane makina ake, kenako n'kumuopseza ndi mpeni. Ndi timphindi tochepa m'zaka zitatu, koma mwana woonera ankatisunga.

Komabe, anzanga otamanda seweroli nawonso amapyola malire, makamaka pa nkhani ya kupsompsonana kuja. Mudzamva kawirikawiri kuti mu "Plato's Stepchildren", gawo lomwe linaonetsedwa pa 22 November 1968, Kirk ndi Uhura anakhala mzungu ndi munthu wakuda oyamba kupsompsonana pa wailesi yakanema. Apa mpamene akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ku Britain zinali zitachitika kale, mu sewero la You in Your Small Corner mu 1962 komanso mu Emergency Ward 10 mu 1964. Chachiwiri, ndipo ichi ambiri sakonda kuchitchula, m'nkhaniyo awiriwa sakufuna. Akukakamizidwa ndi anthu a dziko lina okhala ndi mphamvu zoyendetsa thupi la mnzawo ndi maganizo, amene akuchita izi pofuna kuwanyoza ndi kuseka. Alembi anadzisiyira pothawira: wina akakwiya, akanangoyankha kuti sikunali kufuna kwawo.

Sindikunena kuti panalibe kulimba mtima. Khoti lalikulu la America linali litangothetsa kumene, mu June 1967, malamulo oletsa ukwati wa mzungu ndi wakuda omwe anali akugwirabe ntchito m'zigawo 16 za dzikolo, ndipo King anali ataphedwa mu April 1968. Akuluakulu a NBC ankaopa mawailesi a kumwera ndipo anafuna kuti pajambulidwenso chithunzi china chopanda kupsompsona. Malinga ndi Nichols, iye ndi William Shatner anaononga dala kujambula kwachiwiriko, Shatner mpaka kupotoza maso, kuti pasakhale chosankha. Ngati pali woyenera kuombera m'manja pamenepa, ndi osewera awiriwa.

Za kasiketi kake kafupi kaja sindichedwapo. Ena amati kanamuchotsera ulemu, koma Nichols ankayankha kuti ndi momwe atsikana ankavalira m'misewu nthawiyo ndipo iye ankakakonda. Ndingonena kuti Lieutenant Uhura akanatera pa Chileka cha m'ma 1975, sakanatuluka pa bwalo la ndege asanamangirire chitenje, popeza lamulo lathu la kavalidwe la 1973 silinkaona udindo wa munthu.

Chimene chimathetsa mkanganowu kwa ine chinachitika seweroli litatha. Mpando wa kaputeni Uhura anadzaulawa mu 1973, mu Star Trek ya zojambula, gawo la "The Lorelei Signal", ndipo anaulawa chifukwa amuna onse m'chombomo anali atazunguzika mutu ndi kuitana kwa akazi a dziko lina. Koma Nichols anapeza ntchito yaikulu kuposa imeneyo. Anadzudzula bungwe la NASA poyera kuti pakati pa anthu ake opita m'mlengalenga panalibe mkazi kapena munthu wakuda, ndipo mu 1977 bungwelo linamulemba ntchito yoyenda m'dziko lonse kukopa akazi ndi anthu a mitundu ina kuti alembere. Anthu ankabwera kudzamumvera chifukwa anali Uhura. Gulu la anthu 35 lomwe NASA inasankha mu 1978 linali ndi akazi 6 ndi amuna achikuda atatu, koyamba m'mbiri yake. M'gululi munali Sally Ride, mayi woyamba wa ku America kupita m'mlengalenga mu June 1983, ndi Guion Bluford, munthu wachikuda woyamba wa dzikolo kutero mu August chaka chomwecho. Munalinso Judith Resnik ndi Ronald McNair, omwe anafera pa ngozi ya Challenger mu January 1986. Sindikuti onsewa anapita chifukwa cha sewero la pa kanema, anali akatswiri mwa iwo okha. Koma wolandira foni uja ndi amene anatumidwa kukagogoda pa makomo.

Mae Jemison, dokotala amene anagwirapo ntchito ku Sierra Leone ndi Liberia, amanena poyera kuti Uhura ndi mmodzi mwa amene anamupatsa chilakolako. Pa 12 September 1992 ananyamuka pa chombo cha Endeavour, kukhala mayi woyamba wachikuda kufika m'mlengalenga, ndipo ali kumeneko ankayamba ntchito yake ndi mawu omwe aja a Uhura otsegulira njira yolankhulirana, amene odandaula amawaseka. Chaka chotsatira anaitanidwa kukaonekera mu Star Trek: The Next Generation, m'gawo la "Second Chances", ndipo Nichols anapita kukamuona akujambula. Munthu amene anazungulira dziko lapansi zenizeni kwa masiku asanu ndi atatu anamupatsa udindo wa Lieutenant Palmer, woima pa makina otumizira anthu, ndi mawu oti mungawerenge pa zala.