Ngongole sitikukana, koma asinthe nthawi yobwezera



M'magulu mwathu mwadzaza mawu amodzi: "Boma likhululuke ngongole zonse za ophunzira." Ine digiri ndili nayo, ntchito ndilibe, ngongoleyo ikundidikira. Komabe ndikuti tisapite pamsewu ndi chikwangwani chimenecho.

Tamvani chifukwa. Loans Board inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, koma imatolera ngongole zoyambira 1985. Ena amene anatenga zaka zimenezo lero ndi mabwana, ndipo sanabwezebe. Tikati "khululukirani onse", woyamba kumwetulira ndi bwana wa magalimoto awiri ku Area 43, osati iwe wogulitsa kaunjika ku Ndirande. Komanso ndalamazi n'zozungulira: zimene wina wabweza ndi zimene mng'ono wako wa Fomu 4 adzalipirire fizi ku MUBAS, MZUNI kapena LUANAR. Thumba likauma, ana a olemera adzaphunzirabe. Abale athu adzakhala pakhomo.

Vuto lenileni ndi nthawi. Ngongoleyi imakhwima pakatha zaka 2 chimalizireni sukulu, kaya uli mu ofesi, kaya ukupalasa kabaza. Mu 2020 anatilonjeza ntchito 1 miliyoni. Mu May 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 inagwanso ndi 44. Munthu wodya kamodzi patsiku mwa mageni abweza ndi chiyani, eti?

Zofuna zathu zikhale zitatu:

1. Kubweza kuyambe ukalandira malipiro oyamba, osati pongowerenga zaka.
2. Pakhale mlingo wa malipiro. Wolandira zochepera pamenepo asadulidwe kanthu.
3. Kutolera kuyambe ndi amene akhala pantchito zaka zambiri, maka m'boma momwemo. Mayina awo ali pa payroll, sasowa.

Ifenso tisagone. Funsa ku Loans Board ndalama zenizeni zimene akuti unatenga, uyerekeze ndi mafomu amene unasayina chaka ndi chaka. Uwajambule, usunge pa imelo, foni imabedwa. Ngati sukugwira ntchito, alembere kalata, usunge kope. Ukalipira olo K5,000, lisiti usataye. Tsiku lokakambirana tidzapite ndi mapepala m'manja, asadzatinene kuti ndife othawa ngongole.

Tumiza uthengawu kwa amene unavala nawo gawuni. Amene mukuti ndalakwa, yankhani m'gulu, tikambirane tisanalembe zikwangwani.