BOTOLO LIMODZI LA MANKHWALA A MASO LIFIKE KU LUNDAZI

Pa Msika wa Lundazi ndi pamene anthu a kwa Mwase, a kwa Mphamba, a ku Lumezi ndi a ku Chasefu amakumana. Munthu amagulitsapo nshawa ndi nyemba, namvapo mtengo wa feteleza, nalandiraponso uphungu wa matenda ngakhale sanaupemphe. Wa maso ofiira sacedwa kuuzidwa kabotolo koti agule. Pa matenda ena uphungu wotere umangotayitsa ndalama, koma pa matenda a glaucoma umatayitsa maso.

M'kati mwa diso muli madzi amene amapangika ndi kutuluka nthawi zonse. Njira yotulukira ikayamba kutsekeka, madziwo amapanikiza mtsempha wopita ku ubongo, ndipo mtsemphawo umafa pang'ono-pang'ono. Kawiri-kawiri sipakhala kuwawa. Munthu amayamba kulephera kuona za m'mbali: apunthwa pa dengu la mnzake, njinga imdzidzimutsa itafika kale pafupi, iye nkumati ndi ukalamba. Ng'ala imacotsedwa ndi opareshoni munthu naonanso, koma cimene glaucoma yadya sicibwerera. Matendawa amagwira anthu akuda kwambiri ndiponso msanga kuposa azungu, ndipo amatsata mtundu wa banja.

Mankhwala odontheza m'maso amene madotolo akhala nao nthawi yaitali ndi timolol, amene anabvomerezedwa ku America mu 1978. Nchito yake ndi kucepetsa madzi opangika m'diso. Komatu kwa odwala ambiri timolol yekha sakwanira. Kafukufuku wa pa Kilimanjaro Christian Medical Centre ku Moshi m'dziko la Tanzania, amene anafalitsidwa mu 2021, anaonetsa kuti patapita caka cimodzi mankhwalawa anali atathandiza mokwanira maso 31 okha pa 100 alionse. Ndico cifukwa cake dotolo amaonjezera botolo laciwiri.

Apa ndi pamene pagona bvuto. Mabotolo awiri afuna kuti wodwala adontheze loyamba, adikire mphindi zisanu kapena khumi, ndipo adontheze laciwiri. Akafulumira, dontho laciwiri limatsuka loyamba. Acite cimodzi-modzi m'mawa ndi madzulo, moyo wake wonse. Mai amene amalawira mbandakuca kukayala tomato pa msika, kapena bambo amene ali pa kalikiliki wa fodya ndi thonje, sangapirire mwambo wotere zaka ndi zaka. Botolo lina limatha lisanathe linzake, lina limaiwalika pa windo. Odwala otere si aulesi. Mtolo ndiwo wacita kulemera.

Kuyambira mu 1998 pali mankhwala amene anasakaniza dorzolamide ndi timolol m'botolo limodzi. Dontho limodzi m'mawa, limodzi madzulo, basi. Mphamvu yake siiposa ya mabotolo awiri aja, ndipo sacotsa matenda, amangowaimitsa. Amalumanso pang'ono m'diso ndi kusiya kuwawa kukamwa. Ubwino wake ndi wakuti munthu angathe kuwatsatira. Palinso botolo la latanoprost ndi timolol lodontheza kamodzi pa tsiku, koma ilo kawiri-kawiri lifuna firiji lisanatsegulidwe, ndipo nyumba zambiri za m'midzi zilibe magetsi, pamene kutentha kwa mwezi wa Okutobala aliyense akudziwa. Kwa munthu wa kumudzi, botolo la dorzolamide ndi timolol ndilo loyenera kuliganizira poyamba.

Botolo likatsegulidwa limakhala mwezi umodzi. Kucoka ku Lundazi kupita ku Chipata pali makilomita pafupi-fupi 180, ndipo Cipatala ca Mwami, codziwika ndi nchito ya maso, ciri kupitirira pamenepo. Palibe mlimi angayende ulendo umenewo mwezi uliwonse cifukwa ca kabotolo kamodzi. Mankhwala akamthera amatembenukira kwa ogulitsa a pafupi, ndipo pamenepo pali ngozi yaikulu. Madontho okhala ndi dexamethasone kapena betamethasone amayeretsa diso lofiira mwamsanga, koma kwa anthu ena amakweza kupanikiza kwa m'diso, ndiye kuti amadyetsa matenda omwewo. Timolol nayenso si wobwerekana: kwa munthu wa mphumu kapena wa mtima wogunda mocedwa angabweretse imfa. Bungwe la ZAMRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2013, liri ndi mphamvu zoletsa malonda a mankhwala opanda cilolezo, koma kulanda mabotolo pa matebulo sikungathandize ngati wodwala alibe kwina kolowera.

Tsono Unduna wa za Umoyo ndi bungwe la ZAMMSA ayenera kuona kuti botolo losakaniza liri pa shelefu ya Cipatala ca Boma ca Lundazi caka conse. Wodwala amene anapimidwa kale ndi dotolo wa maso ku Chipata alembedwe m'buku, azilandira mabotolo a miyezi itatu nthawi imodzi pafupi ndi kwao. A khonsolo ndi a komiti ya msika angapatule malo, pa masiku amene anthu amacuruka, poti a zaumoyo azipima maso a anthu opitirira zaka 40, kuyambira ndi ana ndi abale a iwo amene anacita khungu popanda ng'ala.