Mwana akachedwa, mwamuna naye apimidwe

Ku Mualadzi, monganso m'midzi yambiri ya m'boma la Chifunde, banja likatha zaka ziwiri popanda mwana, anthu safunsa kuti vuto lili kwa yani. Yankho amakhala nalo kale. Mkazi ndiye amayamba maulendo a kwa asing'anga, kumwa mizu yowawa ndi kutemedwa mphini m'chiuno, ndipo zikakanika kuno amawoloka malire kukayesa ku Zambia kapena ku Malawi. Mwamuna amangoperekeza, mwinanso osaperekeza n'komwe. Pakapita zaka zina amatenga mkazi wachiwiri, ndipo nayenso akakhala osaima, mudzi umati bamboyo ali ndi tsoka pa akazi. Mawu oti mwina mbewu yake ndiyo ili ndi vuto amanenedwa kuseri, pachitsime kapena pa mowa, koma pamaso pa ankhoswe palibe amene amawatchula.

Khalidwe limeneli ndi losalungama, komanso limawonongetsa chuma ndi nthawi pachabe. M'chaka cha 2023 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu 6 alionse amakumana ndi vuto la kusabereka nthawi ina pamoyo wake, m'maiko olemera ndi osauka omwe. Madokotala amaonanso kuti pa mabanja otere, pafupifupi theka vuto limakhala kwa mwamuna, kaya yekha kapena pamodzi ndi mkazi wake. Choncho banja limene likupereka mankhwala kwa mkazi yekha likhoza kukhala kuti likuthirira munda umene sunadzalidwe.

Chodabwitsa n'chakuti makolo ankazidziwa zimenezi. Mwambo wa fisi sunachokere kwina. Akuluakulu akaona kuti mwamuna ndi gojo, ankapangana mwachinsinsi ndi munthu wina kuti alowe m'nyumbamo usiku, ndipo mwana wobadwayo ankatchedwa wa mwini nyumba. Imeneyo inali njira yobisira manyazi a mwamuna, osati yomuchiritsa, ndipo mtolo wake ankasenza ndi mkazi. Kuyambira pamene Edzi inafika, fisi wasanduka njira yolowetsera imfa m'nyumba. Koma chinsinsi chija chinatsala, ndipo ndicho chikuzunza amayi mpaka lero.

Kunja kuno madokotala anapita kale patsogolo. Pa 25 July 1978, ku Oldham m'dziko la England, kunabadwa Louise Brown, mwana woyamba amene dzira la mayi wake linakumana ndi mbewu ya bambo wake m'kambale ka ku chipatala, pa ntchito ya Patrick Steptoe ndi Robert Edwards. Ku South Africa mwana woyamba wotere anabadwa mu 1984 pa chipatala cha Tygerberg ku Cape Town. Njirayo inathandiza kwambiri amayi amene njira zawo za mazira zinatsekeka, koma inkafunabe kuti mwamuna akhale ndi mbewu zambiri zamphamvu, zotha kusambira zokha ndi kuboola dzira. Amuna a mbewu zochepa kapena zofooka anatsalira mpaka 1992, pamene ku yunivesite ina ya ku Brussels, m'dziko la Belgium, Gianpiero Palermo ndi anzake a m'gulu la André Van Steirteghem analengeza za ana oyamba obadwa mwa njira imene masiku ano imatchedwa ICSI.

Kachitidwe kake n'kotere. Mkazi amabayidwa jakisoni masiku pafupifupi 10 kapena 12 kuti mazira angapo akhwime nthawi imodzi, kenaka dokotala amawatulutsa ndi singano. Katswiri, akuyang'ana pa makina okuza zinthu, amagwira dzira limodzi ndi kachubu, n'kutola mbewu imodzi yokha ya mwamuna ndi kasingano kagalasi kopyapyala kuposa tsitsi, n'kuibaya m'kati mwa dziralo. Dzira likayamba kugawikana amalisunga masiku atatu kapena asanu, kenaka amaliika m'chiberekero cha mayi, ndipo kuchokera pamenepo mimba imayenda ngati ina iliyonse. Ngakhale mwamuna amene mu umuna wake mulibiretu mbewu chifukwa njira inatsekeka, madokotala amatha kukazitenga ndi singano komwe zimapangidwa. Munthu amene kumudzi akananenedwa kuti anagwa mumpapaya akhoza kubereka mwana wa magazi ake enieni.

Koma pasakhale kunamizana. Mlimi wa ku Mualadzi sangadalire njira imeneyi. Imapezeka m'zipatala zolipira za m'mizinda ikuluikulu ngati Johannesburg ndi Cape Town, ndipo kuyesa kamodzi kokha kumadya ma rand zikwi makumi angapo, osawerengera ulendo, pasipoti ndi malo ogona. Ndalama zimenezo ndi fodya wa zaka zingati? Ndiponso si kuti ukalipira ndiye kuti mwana wabwera. Maulendo oyesa amene amatha ndi mwana m'manja sakwana theka, ndipo mwayi umachepa mkazi akamapitirira zaka 35. Ululu wa majakisoni ndi singano umagwerabe mkazi ngakhale vuto lili kwa mwamuna. Komanso ngati vutolo ndi lobadwa nalo, nthawi zina bambo amapatsira mwana wake wamwamuna.

Nanga nkhani ya ku Brussels ikufuna chiyani pa tsamba lino? Ikufunika chifukwa palibe dokotala amene amayamba ndi kasingano kaja. Onse amayamba ndi kupima umuna, ndipo kupimako sikufuna ndege kapena ma rand. Mwamuna amadziletsa masiku awiri mpaka 7, n'kupereka umuna m'kabotolo koyera, ndipo wa ku labotale amauyang'ana pasanathe ola limodzi: amawerenga mbewu, amaona ngati zikuyenda ndi mmene zikuonekera. Malinga ndi muyeso umene WHO inatulutsa mu 2021, mbewu zikachepera 16 miliyoni pa mililita imodzi ndiye kuti pafunika kufufuza. Zotsatira zikakhala zoipa amabwereza patapita miyezi ingapo, chifukwa mbewu imatenga masiku oposa 70 kuti ipangidwe, ndipo malungo aakulu amatha kuichepetsa kwa kanthawi. Palibe kubaya, palibe kung'amba. Poyerekeza ndi zimene mkazi amadutsamo popimidwa chiberekero ndi njira za mazira, kumeneku ndi kopepuka ndi kotchipa, ndiye n'kupanda nzeru kukusiya kuti kukhale komalizira.

Amuna ambiri amakana ponena kuti iwo ali bwinobwino, m'nyumba sagona ndi njala. Apa ndiye pali kusamvetsa kwakukulu. Mphamvu za kuchipinda ndi kubereka ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mwamuna akhoza kukhala wamphamvu, umuna n'kumatuluka monga mwa masiku onse, koma m'kati mwake mulibe mbewu ngakhale imodzi, ndipo ndi maso palibe amene angasiyanitse. Gondolosi ndi mizu ina yogulitsidwa m'misika ya m'malire sizitsegula njira yotsekeka. Enanso amaloza mwana wa kuchibwenzi ngati umboni. Imeneyo ndi nkhani ina, ndipo ankhoswe anzeru amadziwa chifukwa chake saikweza pabwalo.

Phindu lina la kupimitsa ndi lakuti zifukwa zina zimapeweka kapena kuchizika konkuno. Chinzonono ndi matenda ena opatsirana pogonana, akapanda kuchizidwa bwino, amasiya zipsera zimene zimatseka kanjira ka mbewu. Mnyamata amene akumva kuwotcha pokodza n'kukagula makapisozi awiri pa msika, ululu n'kuleka, amaganiza kuti wachira, osadziwa kuti mwina wadzitsekera yekha ana a m'tsogolo, ndipo wapatsiranso mkazi wake matenda amene amatseka njira za mazira. Likodzo, limene ana amalitenga posambira m'madambo ndi m'mitsinje, silithera m'chikhodzodzo mokha, limafikanso ku ziwalo zoberekera, chikhalirecho mankhwala ake a praziquantel ndi odziwika ndipo amagwira ntchito. Matsagwidi akagwira munthu wotha msinkhu amatha kutupitsa machende ndi kuwononga mbewu. Misempha yotupa ya ku machende imakonzedwa ndi opaleshoni. Kachasu wa tsiku ndi tsiku ndi kusuta fodya nazonso zimachepetsa mbewu.

Akuluakulu a zaumoyo m'chigawo cha Tete ali ndi mbali yawo. Makina okuza zinthu amene amayezera makhololo a chifuwa chachikulu akhoza kuonanso mbewu ya abambo. Chofunika ndi kuphunzitsa wa ku labotale, kumupatsa zipangizo zochepa zowerengera, ndi kupatula kachipinda koti mwamuna asachite manyazi pamzere. Kumene zimenezi sizingatheke, namwino alembe giya ya ku Hospital Provincial de Tete ya anthu awiri, mwamuna ndi mkazi, osati ya mayi yekha. Mayi akabwera yekha kudzadandaula za kusabereka, funso loyamba likhale lakuti bambo ali kuti. Ndipo zotsatira zikhale chinsinsi cha banjalo, chifukwa mwamuna mmodzi akangomva kuti za mnzake zafika pa mowa, palibe wina amene adzapitenso.

Mbali yaikulu ili kwa ankhoswe, anyakwawa ndi akulu a mipingo, pakuti milandu imeneyi imafikira kwa iwo isanafike ku chipatala. Mwamuna akabwera kudzapempha kusiya mkazi kapena kutenga wachiwiri chifukwa cha ana, asamayambe ndi kufunsa kuti mkaziyo anapita kwa asing'anga angati. Amufunse iyeyo ngati ali ndi pepala la ku labotale, ndipo ngati alibe, mlanduwo uyambe waima mpaka atabwera nalo.