Tiyeni ku Kilwa, koma tisapite na mtima wa pa Cairo Road

Caka cikamapita kumapeto, magulu athu a pa WhatsApp amadzala na funso limodzi: tiyenda kuti pa holide? Ena amakamba za Siavonga, ena za Samfya, ndipo amene cilimba cawagwela bwino amachula Zanzibar. Ife tikuti ngati mwasunga ndalama caka conse kuti mukaone nyanja yamcele, ganizilani za Kilwa Kisiwani, cisumbu ca kum'mwela kwa Tanzania. Koma tikambiletu, kumeneko si kopita na mtima wa pa Cairo Road, wofuna zonse zicitike manje manje. Amene sangapatule masiku okwanila ni bwino ayembekezele caka camawa.

Kilwa tikuisankha cifukwa mbili yake imatikhudza. Zaka 700 zapitazo, mzinda wa pa cisumbuci ndiwo unali kulamulila malonda a golide wocokela ku Great Zimbabwe, amene anali kudzela pa doko la Sofala. Mafumu ake anali kusula ndalama zawozawo za mkuwa, ndipo imodzi inapezeka m'mabwinja a Great Zimbabwe. Ibn Battuta, munthu wa ku Morocco amene anazungulila maiko ambili, anafikako mu 1331 ndipo anautamanda kuti ni mzinda wokongola kwambili. Lelo mungakaone mzikiti waukulu womangidwa na miyala ya m'nyanja, komanso Husuni Kubwa, nyumba yacifumu ya zipinda zoposa 100 yokhala pamwamba pa phompho loyang'ana madzi. Mu 1981, UNESCO inaika mabwinjawa pa mndandanda wa malo a padziko lonse ofunika kusungidwa.

Amene tinaphunzila za Ingombe Ilede ku sukulu timakumbukila mikanda ya galasi imene inafukulidwa kufupi na Siavonga mu 1960. Mikandayo inabwela kucokela ku gombe la nyanja ya India. Ndipo pali mbali ina yowawa. Mu 1776, mfumu ya ku Kilwa inapangana na wamalonda wa ku France, Morice, kuti izimugulitsa akapolo 1,000 caka ciliconse. M'zaka za m'ma 1800, tauni ya Kilwa Kivinje ya kumtunda inakhala doko lalikulu lotumizila anthu ogwidwa m'madela ozungulila nyanja ya Malawi. Ambili mwa iwo anali kukamba cinenelo cimene mukuwelengaci. Malo otelo si ofikapo mphindi 30, kujambula, n'kuthamangila basi.

Tiwelengele limodzi masiku. Njanji ya TAZARA, kucokela ku Kapiri Mposhi kukafika ku Dar es Salaam, ni makilomita 1,860, ndipo munthu amagona m'sitima mausiku awili. Amene asankha basi amadutsa pa Nakonde na Tunduma, ndipo nayenso amafika atatopa. Ku Dar es Salaam mumagona, m'mawa mwake n'kukwela basi ina yolowela kum'mwela, makilomita pafupifupi 300, kuwoloka mtsinje wa Rufiji mpaka ku Kilwa Masoko. Apa ndiye pali malo ogona, ofesi yopeleka cilolezo cokaonela mabwinja, na maboti owolotsa anthu. Kupita kokha kwadya kale masiku anayi, kubwela enanso anayi. Mukaikapo awili a ku cisumbu, afika 10. Ife tikuti onjezelani ena awili amene simunawapatse nchito iliyonse. Amene wauza abwana kuti adzakhala pa nchito Mande, pamene sitima yake ifika Sondo usiku, wadziika yekha pa msampha.

Masiku apadelawo ni a nyanja. Ife a m'dziko lopanda gombe timadziwa Kariba na Bangweulu, kumene madzi amakwela na kutsika malinga na nyengo. Nyanja yamcele imacita zimenezi kawili pa tsiku, ndipo tsiku lililonse nthawi yake imacedwelako na mphindi pafupifupi 50. Pamene boti inakusiyani m'mawa madzi ali m'ciuno, masana mungapeze matope na miyala yakuthwa yoceka mapazi. Mphepo nayo ili na kalenda yake. Ya kaskazi imaomba kucokela kumpoto ca m'ma December mpaka March, ya kusi imacokela kum'mwela pakati pa caka ndipo ndiyo yamphamvu. Mvula yaikulu imagwa kuyambila March mpaka May. Kuwoloka kupita ku Kilwa Kisiwani ni kwapafupi, koma wofuna kukafikanso ku Songo Mnara, cisumbu cina ca mabwinja, amakhala pamadzi nthawi yaitali.

Pa nkhani ya madzi ndiye pamene timafuna anzathu amve bwino. Woyendetsa boti akati lelo sitiyenda, nkhani yatha. Tili na cizolowezi ca pa siteshoni cokakamiza dalaivala na kumuonjezela ndalama kuti anyamuke. Pamadzi cizolowezi cimeneci cimapha. Ambili a ife amene tinakulila ku Matero, Kanyama kapena Kapata sitidziwa kusambila, ndipo palibe ca manyazi pokamba zimenezo musanakwele. Funsani life jacket, ivaleni, ndipo boti ikadzala kupitilila, tsikani muyembekezele ina.

Funsaninso za nthawi. Tanzania ili patsogolo pathu na ola limodzi, ndipo m'Ciswahili maola amawelengedwa kuyambila m'mawa dzuwa likatuluka. Munthu akakuuzani kuti boti inyamuka saa mbili, akutanthauza 8 koloko, osati 2 koloko. Muonetseni pa foni nthawi imene mwamva kuti akutsimikizileni. Safunsa anadya phula.

Pa ndalama, gulu ligwilizane lisananyamuke kuti gawo limodzi mwa magawo atatu silikhudzidwa. Ni la tsiku limene basi yafa, wina wadwala malungo, kapena mphepo yakugonekani usiku wina. Sinthani makwacha kukhala mashilingi pa malo ovomelezeka, ndipo mukawoloka khalani na ndalama m'thumba, cifukwa ku cisumbu ni mudzi wa asodzi, si malo a ma ATM. Pasipoti na foni zikhale m'pulasitiki yomanga bwino. Nsapato zikhale zolimba, madzi akumwa akhale okwanila tsiku lonse, ndipo wina wa kunyumba adziwe kumene mwagona usiku uliwonse.

Kumbukilani kuti pa cisumbupo pamakhala anthu, ambili a iwo Asilamu. Zovala za ku pool party ku Siavonga zisiyeni m'cikwama, citenge cidzakuthandizani kwambili. Patsani moni musanajambule munthu, lipilani wokutsogolelani wa komweko, ndipo musakwele pa makoma kapena kutola kamwala kokaonetsa kunyumba. Mabwinjawa anakhala pa mndandanda wa malo amene ali pa ngozi kuyambila 2004 mpaka 2014, mwa zina cifukwa mafunde anali kuwagumula. Safunika kuti nafenso tionjezele.

Tidziwa zimene ena adzakamba: masiku 12 na ndalama zonsezo, kukaona makoma akugwa? Ku Zanzibar kuli maboti othamanga, mahotela na nyimbo usiku wonse. N'zoona, ndipo wofuna kuvina asankhe kumeneko, palibe colakwa. Enanso adzati wogwila nchito m'shopu kapena woyendetsa takisi sangapeze masiku oculuka conco. Izinso n'zoona, ndipo yankho lathu si lakuti afupikitse ulendo. Ayambe na Ingombe Ilede, ulendo wa pa wikendi cabe, uku cilimba ca ku Kilwa cikukula pang'onopang'ono kwa zaka ziwili.

Cimene tikukana ni ulendo wopanikiza, wokonzedwa usiku umodzi cifukwa ca cithunzi ca pa Instagram, umene umakakamiza gulu kukwela boti mphepo ikuomba cifukwa tikiti yobwelela inagulidwa kale. Ngati gulu lanu likambilana za holide sabata ino, yambani na kalenda musanakambe za zovala. Welengani masiku, onjezelani awili, ndiyeno funsani ndani mwa inu adziwa kusambila.