Mphesa Zikukwera Phiri, Koma Phiri Lili ndi Polekezera

Mukatenga mapu a dziko lonse n'kuchonga madera otchuka ndi vinyo, mupeza kuti ambiri ali pakati pa madigiri 30 ndi 50 kumpoto kapena kum'mwera kwa ikweta. Kufupi ndi ikweta kumatentha kwambiri, mphesa zimapsa msangamsanga, shuga amachuluka, asidi n'kuchepa, ndipo vinyo wake sakoma. Komabe kumpoto chakumadzulo kwa chigawo cha Yunnan ku China, pamadigiri pafupifupi 28 kumpoto, kwayambika dera latsopano la vinyo. Kampani ya ku France ya Moët Hennessy imalima mphesa m'midzi inayi, Adong, Xidang, Sinong ndi Shuori, m'chigwa cha mtsinje wa Mekong, pamtunda wa mamita 2,200 mpaka 2,600 kuchokera pamlingo wa nyanja. Vinyo wake woyamba, wotchedwa Ao Yun, ndi wa zokolola za 2013.

Ophunzira anga, sikuti ndikukuitanirani ku botolo ayi, zimenezo si zanu. Chimene ndikufuna tione ndi fizikisi imene yalola mphesa kukhala kumeneko, komanso malire ake.

Choyamba ndi kuzizira. Mpweya ukamakwera m'mwamba, mphamvu youpanikiza imachepa, ndiye umafutukuka, ndipo pofutukukapo umazizira. Mwapakatikati, mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri 6.5. N'chifukwa chake ku Dedza mumafuna juzi pamene ku Nsanje anthu akutuluka thukuta. Munda umene uli pamamita 2,400 umazizira ndi madigiri pafupifupi 16 kuyerekeza ndi malo a pamlingo wa nyanja.

Chachiwiri ndi kuwala. Pamwamba pa phiri mpweya wotchinga dzuwa ndi wochepa, choncho cheza cha UV chimawonjezeka ndi pafupifupi 10 peresenti pa mamita 1,000 alionse. Mphesa zimadziteteza pokhala ndi khungu lochindikala komanso lakuda, ndipo m'khungumo ndi mmene mumachokera mtundu wa vinyo wofiira.

Chachitatu ndi kusiyana kwa usana ndi usiku. Mpweya wouma ndi wopepuka susunga kutentha. Masana masamba amapanga shuga, usiku nthaka imataya kutentha msanga, ndiye chipatso chimasunga asidi wake n'kumapsa pang'onopang'ono. Mapiri a Meili amathandizanso: mpweya wachinyezi ukamakwera mapiriwo umazizira n'kugwetsa mvula yambiri usanafike m'chigwa, moti mphesa siziola.

Tsono apa ndi pamene ndikusiyana maganizo ndi ena. Pali anthu amene akaona minda ngati imeneyi amati kusintha kwa nyengo si vuto lalikulu, dziko likatentha alimi angokwera phiri basi. Mfundo yawo ili ndi mutu pang'ono, ndipo masamu ake ndi osavuta. Bungwe la IPCC linapeza kuti m'zaka za 2011 mpaka 2020 dziko linali lotentha ndi madigiri pafupifupi 1.1 kuposa mmene linalili mu 1850 mpaka 1900. Gawani 1.1 ndi 6.5, n'kuchulukitsa ndi 1,000: mupeza mamita pafupifupi 170. Mlimi atakweza munda wake mamita amenewo, angapezenso kuzizira kumene agogo ake ankalimamo.

Koma taganizirani mmene phiri lilili. Pansi ndi lotakata, pamwamba limanka liwonda. Mukamakwera, malo olima amachepa, nthaka imakhala yosaya, ndipo chisanu chimatha kuwononga mphukira usiku umodzi wokha. Ku Yunnan minda ndi timagawo ting'onoting'ono pamalo otsetsereka, thirakitala siyenda, ntchito yonse ndi ya manja. Kampani imakwanitsa chifukwa botolo limodzi limagulidwa madola mazana angapo. Nanga mlimi wa chimanga kapena khofi, amene phindu lake ndi lochepa, angakwanitse? Akakwera, kumtundako apeza nkhalango yosunga madzi a anthu a kumunsi, kapena munda wa eni ake.

Ndipo phirilo nalo likutentha. Pansi pa nsonga ya Kawagebo, yotalika mamita 6,740 m'mapiri omwewa a Meili, pali chimulu cha madzi oundana chotchedwa Mingyong, chimene chakhala chikusungunuka n'kumabwerera kumtunda kwa zaka zambiri. Kuzizira kumene mphesa zathawirako nakonso kukuthawa.

Ine ndimati vinyo wa ku Yunnan ndi umboni wabwino woti munthu wodziwa sayansi angathe kusankha malo mwanzeru. Si umboni woti tingathawe kutentha kwa dziko mpaka kalekale. Kukwera phiri kumangopatsa anthu ochepa zaka zina zopumira, pamene ambiri atsala m'chigwa.

Tengani cholembera muyese nokha. Blantyre ili pamamita pafupifupi 1,000, ndipo nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ili pamamita 3,002. Ngati mu Blantyre muli madigiri 25, pa Sapitwa pangakhale madigiri angati? Mukapeza yankho, werengeraninso kuti mbewu ingafunike kukwera mamita angati dziko litatentha ndi madigiri 2, ndipo mufunse kuti malo amenewo ndi a yani.